TIWAMVERE ANA OLUMALA M'SUKULU ZAWO



Mu 1994 pulayimale inakhala yaulere. Koma tikapereka mwana wosaona ku Nsiyaludzu, kapena wosamva ku Mua m'boma la Dedza, amagona konko miyezi, kutali ndi mayi ake. Wina akamuchita zachipongwe usiku, akauza yani? Wosaona sangaloze nkhope ya womuzunza. Wosamva angafotokoze ndi manja, koma kupolisi kapena kuchipatala akamumva ndani?

Lamulo lilipo. La mu 2010 limateteza mwana aliyense, ndipo kuyambira 2017 aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Chotsala ndi ife.

Ndikupempha zinthu zitatu. Kuchipinda chogona atsikana kuzikhala mayi wowayang'anira. Makolo, muziyendera ana anu ndi kucheza nawo panokha, mphunzitsi atapatuka. Mwana akadandaula, musathamangire kukambirana m'nyumba kuti mbiri ya sukulu isaipe. Imbani 116 kapena pitani kupolisi tsiku lomwelo.

Tinavotera ufulu wolankhula mu 1993. Ana awanso ufuluwo ndi wawo.