Mchere, Phulusa ndi Laimu: Mabanja a Zinthu za m'Nthaka

 Lero tikambirana za mchere, phulusa ndi laimu. Zitatuzi zonse nzotuwa, koma ntchito zao m'munda nzosiyana ndithu. Phulusa lidyetsa mbeu, laimu akonza nthaka, koma mchere uipha. Tiyeni tione chifukwa chake.

Miyala, madzi, mpweya ndi chimanga chomwe, zonse zinapangidwa ndi zinthu zoyambirira zimene akatswiri azitcha maelementi. Masiku ano adziwika maelementi 118. M'chaka cha 1869 munthu wina wa ku Russia, dzina lake Dmitri Mendeleev, anandandalika maelementi 63 amene anali kudziwika nthawi imeneyo. Anaona kuti makhalidwe ao amabwerezabwereza, tsono ofanana anawaika mu mzere umodzi, monga anthu a banja limodzi. Malo ena anawasiya opanda kanthu, nati eni ake adzapezeka. Mu 1875 limodzi la iwo, galiyamu, linapezekadi ku France.

Nanga chiwafanizira nchiani? Kanthu kakang'ono koposa ka elementi ndiko atomu. Mozungulira pakati pake muli tinthu totchedwa maelekitironi, tokhala m'magulu osanjikizana monga makoko a anyezi. Khoko la m'kati litenga 2, lachiwiri litenga 8. Khalidwe la elementi lichokera ku maelekitironi a khoko la kunja.

Sodiyamu, amene ali mu mchere wathu wa m'ndiwo, ali ndi maelekitironi 11: 2, 8 ndi 1. Potaziyamu, amene ali m'phulusa, ali ndi 19: 2, 8, 8 ndi 1. Onse awiri ali ndi imodzi kunja, kotero ali pa banja limodzi. Imodziyo aitaya msanga, ndipo atsala ngati munthu wa dzanja limodzi logwirira. Potaziyamu ali m'munsi mu mzere, atomu yake njokulirapo, ndipo aitaya msanga koposa sodiyamu. Michere ya banja limeneli isungunuka m'madzi mosavuta. Amai adziwa zimenezi, pakuti pocheza chidulo madzi atsuka potaziyamu m'phulusa. Mvula ichitanso chomwecho ndi phulusa lotayidwa padzala.

Koma abale sakhala ofanana m'zonse. Chimanga chifuna potaziyamu kuti phesi lilimbe. Akasowa, masamba a m'munsi apsa m'mbali ndipo chimanga chigwa ndi mphepo. Sodiyamu sangalowe m'malo mwake.

Banja loyandikana nalo liri ndi maelekitironi awiri kunja. Muli maginiziyamu, 2, 8, 2, ndi kalisiyamu wa m'laimu, 2, 8, 8, 2. Amenewa ataya awiri, natsala ndi manja awiri. Kalisiyamu agwira kanthu ka dongo uku ndi kena uku, nazimanga pamodzi. Nthaka ikhala yofewa, madzi ndi mpweya zilowa, mizu iyenda bwino. Sodiyamu, wa dzanja limodzi, sangathe kumanga. Akachuluka, dongo limwazika, nthaka isanduka phala pa dzinja ndi njerwa pa chilimwe. Izi zioneka m'malo ena a kumunsi kwa Shire ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa.

Tsono gwirani mau awa.

Poyamba, werengani thumba la feteleza musanapereke ndalama. Manambala atatu aimira naitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, amene chilembo chake ndi K. Thumba lolembedwa 23:21:0+4S liribe potaziyamu konse.

Kachiwiri, sungani phulusa la nkhuni pamalo osadontha, ndipo muliwaze pang'onopang'ono kudimba kapena pa nthochi.

Kachitatu, musasakanize phulusa kapena laimu ndi feteleza wa salufeti kapena yureya. Fungo loswa mphuno limene lituluka ndilo naitirojeni amene munagula, ali kuthawira mumlengalenga.

Kachinai, laimu ndi mankhwala a nthaka yowawasa. Nthaka yoonongeka ndi sodiyamu ifuna jipisamu, amenenso ali ndi kalisiyamu, pamodzi ndi ngalande zochotsa madzi. Musayerekeze ndi maso. Itanani mlangizi atenge dothi likayesedwe ku Chitedze kapena ku Bvumbwe.

Kwa inu mafumu ndi anyakwawa, musanagawire anthu malo a dimba, pitani mukalawe madzi a pachitsime, ndipo muone ngati nthaka iri ndi chikhungu choyera pamwamba m'mwezi wa October. Madzi a mchere akauma, mcherewo utsalira m'munda chaka ndi chaka. Munthu amene mwampatsa malo otere ataya mphamvu zake pachabe, ndipo ana ake adzalandira nthaka yakufa.