Mtumbira, Mphika ndi Chipilala: Mawu Otsegulira Chionetsero cha Zinthu Zakale Zokumbukira Akufa

 

Umboni wakale kwambiri wosonyeza kuti anthu a dziko lino ankalemekeza akufa unapezeka pansi pa matanthwe. Ku phiri la Hora m'boma la Mzimba, katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anapeza mu 1950 mafupa a anthu amene anaikidwa mosamala m'munsi mwa thanthwe. Kafukufuku wa zaka za posachedwa anasonyeza kuti mmodzi mwa iwo, yemwe anali mayi, anakhalako zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, ulimi ndi chitsulo zisanafike kuno. Manda a ku Nkudzi Bay m'boma la Mangochi, amene anafukula Ray Inskeep, ndi a dzulodzulo poyerekeza ndi a ku Hora. Kumeneko anthu anatsikira kuli chete ndi miphika, mikanda ndi zida zachitsulo. Mikanda yagalasi sinkapangidwa kuno. Inkabwera ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja yamchere, choncho manda amodzi amatha kuulula yemwe ankagulana naye malonda munthu amene dzina lake linaiwalika kalekale.

Zambiri za zinthu zimene makolo ankalirira nazo maliro sizinapangidwe kuti zikhalitse. Kumudzi kwa Achewa, thupi linkakulungidwa mumphasa. Adzukulu akakumba dzenje ankaboolanso kachipinda cham'mbali, mudzi, kuti dothi lisagwere pa malemu. Pamtumbira pankasiyidwa mbale, chikho kapena mphika umene munthuyo ankagwiritsa ntchito, ndipo nthawi zambiri unkayamba waboooledwa kapena kuswedwa, kusonyeza kuti ntchito yake pakati pa amoyo yatha. M'madera ambiri nyumba ya malemu inkagwetsedwa. Anamfedwa ankametedwa tsitsi, ndipo pakapita miyezi mudzi unkafulula mowa wa bona woperekezera mzimu. Angoni ankaika akuluakulu awo mu chikopa cha ng'ombe. Asilamu mpaka lero amakulunga thupi mu nsalu yoyera ndipo amakumbukira malemu ndi sadaka. Mphasa, chikopa ndi nsalu zonse zimaola. Chimene chinkatsala ndi nkhalango ya kumanda, kumene nkhwangwa sinkaloledwa kulira, ndi agogo amene ankadziwa kuti pansi pa mtengo wakutiwakuti pagona yani. Agogo amene akhala kutsogoloku angachitire umboni kuti kale mlendo ankazindikira manda a mudzi ali patali, poona pamene mitengo yachilengedwe yathithikana pakati pa minda.

Gule Wamkulu ndi gawo la maliro amenewa. Za kudambwe sizikambidwa pabwalo ngati lino, ndipo mawu ano sadutsa malire amene eni mwambo anaika. Chodziwika kwa aliyense n'chakuti pamaliro a mfumu kapena a munthu wolowa gule pamatuluka zilombo, kuphatikizapo kasiyamaliro, ndipo zikatha ntchito yake sizisungidwa. Chifaniziro chake chinatsala pamiyala. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula zakale, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo zina mwa zoyerazo, monga za ku Namzeze, zimasonyeza zilombo za gule. Bungwe la UNESCO linaika Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, patangopita chaka chimodzi chilemekezereni Gule Wamkulu mu 2005. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare kumeneko imasunga nkhope za gule mazanamazana pamodzi ndi tanthauzo la iliyonse. Ntchito imeneyo iyenera kuyamikiridwa, chifukwa inalemba zimene zikanapita ndi eni ake.

Mwala wolembedwa dzina unafika ndi amishoni. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, chaka chisanathe chikhazikitsireni mishoni ya Magomero. Ku Cape Maclear, kumene mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875, kuli manda a amishoni amene malungo anawatenga, ndipo imfa zimenezo ndi zina mwa zifukwa zimene mishoniyo inasamukira ku Bandawe mu 1881. William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, anagona ku Njuyu pakati pa Angoni mu 1886. Kuchokera pamenepo bokosi, mtanda, nkhata za maluwa ndi chiliza cha simenti zinalowa pang'onopang'ono m'midzi, mpaka lero kumanga chiliza kwasanduka mwambo wosonkhanitsa banja lonse.

Koma mwala umasankha. Amene anali ndi ndalama ndi ulamuliro ndiwo ankanena kuti dzina liti lizokotedwe, ndipo apa mpamene pali nkhani yowawa. Ku Mangochi kuli nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mayi amene sanapondepo m'dziko lino. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, inafika kuno mu 1914, ndipo ku Karonga kuli manda osamalidwa bwino a asilikali a ku Britain ndi a ku Germany amene anafa pa nkhondo ya m'Seputembala chaka chimenecho. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles. Nanga amtengatenga? Amuna a m'Nyasaland pafupifupi 200,000 analowetsedwa m'nkhondo imeneyo, ochepa ngati asilikali, ochuluka ngati onyamula katundu. Ambiri anatengedwa mokakamiza kudzera mwa mafumu. Anasenza ufa, zipolopolo ndi mfuti zikuluzikulu kudutsa m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique, ndipo amene anagwa ndi njala, kamwazi kapena chimfine cha 1918 anakwiriridwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. Kwawo kunalibe thupi loti aike, kunalibe mtumbira woti alozerepo ana. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa m'nkhondoyo, ambiri a iwo a mu Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Aliyense wovala duwa lofiira m'mwezi wa Novembala ayenera kudziwa kuti pali agogo ake ena amene nsanja sizinawatchule.

M'busa John Chilembwe, amene analemba kalata mu 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915, ndipo atsamunda anamuika cha ku Mulanje popanda chizindikiro kuti anthu asamapiteko. Tchalitchi chake cha ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu chinagumulidwa. Lero nkhope yake ili pa ndalama, tsiku lake ndi 15 Januwale, ndipo mu 2022 chiboliboli chake chopangidwa ndi Samson Kambalu chinaimikidwa pa Trafalgar Square mu mzinda wa London. Angoni a kwa Maseko anasunga okha malo amene Inkosi Gomani Chikuse anagona ataphedwa ndi atsamunda mu 1896 m'boma la Ntcheu, popanda kudikira boma.

Zipilala zina zinabwera misozi itatsika kale. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julayi 1946 ndipo anthu 145 anatsalira m'nyanja. Chikwangwani chowakumbukira chili pafupi ndi nsanja ya ku Mangochi ija. Pa 3 Malichi 1959 asilikali anawombera anthu amene anasonkhana padoko la Nkhata Bay pofuna kuti atsogoleri awo, amene anatsekeredwa mu sitima ya Mpasa, amasulidwe. Lipoti la Devlin linawerenga anthu 20, pamene eni dera amawerenga 31. Kusiyana kumeneko kukusonyeza zimene zimachitika mayina akapanda kulembedwa tsiku lomwelo. Ku Thambani m'boma la Mwanza kuli chipilala cha Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene imfa yawo mu Meyi 1983 inalengezedwa ngati ngozi ya galimoto, kufikira kafukufuku amene anakhazikitsidwa mu 1994 atapeza kuti anachita kuphedwa.

Boma lachitapo mbali yake. Manda a Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anamwalira pa 25 Novembala 1997, anamangidwa mwaulemu ku Lilongwe ndi kutsegulidwa mu 2006. Ku Area 18 kuli nsanja yokumbukira asilikali. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kufukula, kuononga kapena kutulutsa kunja zinthu zakale popanda chilolezo. Komabe lamulo silingalondere manda a mudzi uliwonse. Nkhalango za kumanda zikutha ndi makala ndi mauvuni a njerwa, ndipo ena odula mitengoyo ndi ana a mudzi womwewo. M'mizinda anthu akuba zitsulo pa ziliza kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ana a sukulu ena alemba mayina awo ndi makala pamwamba pa zojambula za Akafula. Mabanja amalowa ngongole kugula bokosi lonyezimira ndi kudyetsa khamu, pamene mtumbira wa agogo amene anayambitsa mudzi wafafanizika ndipo palibe mwana angaloze pamene uli. Mafumu amene ali pano ali ndi mphamvu zoletsa nkhwangwa kumanda, monga ankachitira amene anawasiyira mipando.

Ntchito yotsala si yodula. Mudzi uliwonse ungakhale ndi kaundula wa kumanda, wosungidwa kwa nyakwawa, wolembedwa pamene okalamba odziwa mitumbira adakali moyo. Aphunzitsi angatume ophunzira kukafunsa kwawo ngati kuli kholo limene linapita ku Chiwaya, ku migodi ya ku Joni kapena ku Salisbury osabwerako, ndipo mayina amenewo alembedwe ndi mudzi wake. Mlimi akatukula mphika wakale, mikanda kapena mafupa ndi khasu, asiye pomwepo, adziwitse mfumu, ndipo mfumu idziwitse ofesi ya Bwanamkubwa kuti akatswiri abwere, chifukwa chinthu chikachotsedwa pamalo pake zaka zake sizidziwikanso bwino. Mabanja amene akusunga mamendulo, makalata a imfa ochokera ku migodi kapena zithunzi zakale akupemphedwa kulola kuti zijambulidwe, eni ake n'kubwerera nazo kwawo.

Athokozedwe mafumu ndi mabanja amene abwereketsa zinthu zawo, ndi onse amene akonza mwambowu. Chionetserochi tsopano chatsegulidwa.