Njerewere Zapakholingo ndi Khansa: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka

Komiti idandipempha kuti ndilankhulepo za umoyo poti ndimagwira ntchito m'boma kumbali imeneyo, ngakhale kuti yanga ndi ya mapepala ndi ndondomeko, osati ya jakisoni. Ndasankha nthenda imene ambiri a inu simunaimvepo. Siigwira anthu ochuluka, koma banja limene yalowamo limavutika nayo zaka ndi zaka, ndipo ambiri a ife tsopano tili ndi ana a msinkhu woti tingawateteze.

Njerewere tonse timazidziwa, zija zimamera pa zala. Tsono pali mtundu wina umene umamera m'kati mwa kholingo, pa timinofu tiwiri timene timatulutsa mawu. Madokotala amaitcha nthendayi recurrent respiratory papillomatosis, mwachidule RRP. Choyambitsa chake ndi kachirombo ka HPV, makamaka mitundu yake iwiri, wa nambala 6 ndi wa nambala 11. Mwana amakatenga kwa mayi ake pobadwa, ndipo zizindikiro zimayamba kawirikawiri asanakwane zaka 5. Akuluakulu nawonso amadwala, ambiri a zaka za m'ma 20 mpaka 40. Ndinene pompano kuti palibe chifukwa chonyozera mayi wa mwana wotere. HPV ndi kachirombo kofala kwambiri, anthu ambiri amakhala nako osadziwa, ndipo mwa ana obadwa kwa amayi amene ali nako ndi ochepa zedi amene amadwala. Kudyera mbale imodzi ndi wodwala sikungakupatseni nthendayi.

Chizindikiro choyamba ndi kusasa mawu. Pajatu ife tidazolowera kuti mawu amasasa tikachemerera mpira kapena tikachezera kwaya, ndipo pakapita masiku atatu amabwerera. Kusasa kumene ndikunenaku sikutha. Mwana amalira ndi mawu ofooka, kenaka amayamba kupuma mochita phokoso ngati likhweru. Apa ndi pamene nthawi imatayika, chifukwa zimafanana ndi mphumu kapena chifuwa wamba, ndipo mwana atha kumwa mankhwala a mphumu miyezi yambiri pamene njira ya mpweya ikunka nitsekeka.

Chithandizo chake ndi opaleshoni. Dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi amamugoneka wodwala, nalowetsa chida kukamwa n'kupala njerewerezo. Vuto ndi lakuti kachiromboko kamatsalira m'minofu yooneka yabwinobwino, motero njerewere zimaphukanso ngati chitsa cha bulugama. Pali ana amene amapalidwa kangapo pa chaka chimodzi. Ena zimaleka zokha akamakula, ena amapita nazo mpaka ukulu. Taganizani za banja lochokera kutali, ndalama za thiransipoti kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi masiku a sukulu amene mwanayo akujomba.

Tsopano ndifike pa funso limene kholo lililonse limafunsa likamva mawu oti chotupa: kodi ndi khansa? Yankho ndi lakuti ayi, njerewerezi si khansa. Mitundu ya 6 ndi 11 imawerengedwa m'gulu la HPV yosaopsa kwambiri, kusiyana ndi 16 ndi 18 imene imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 iliyonse ya khansa ya khomo la chiberekero. Komabe kusaopsa kwambiri sikutanthauza kuti ngozi palibiretu. Mwa odwala ochepa njerewerezi zimasanduka khansa patapita zaka zambiri. Mabuku a madokotala amati kwa ana zimachitika kwa osakwana mmodzi mwa 100, pamene kwa akuluakulu chiwerengero chimakwererapo ndithu.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti tikudziwa amene ali pa ngozi yaikulu. Oyamba ndi amene njerewere zatsika kuchoka pakholingo n'kukafika m'mapapo. Kumeneko chida cha dokotala sichifika bwino, mapapo amaboka timaenje, ndipo khansa imapezeka kwambiri mwa odwala oterewa kuposa ena onse. N'chifukwa chake madokotala amapewa kuboola pakhosi kuti aikepo paipi yopumira, pokhapokha ngati moyo uli pachiswe, pakuti bala limenelo limathandiza njerewere kufalikira kumunsi. Mtundu wa 11 ndi waukali kuposa wa 6, ndipo ndi umene umapezeka kawirikawiri mwa odwala amene zafika m'mapapo. Kalelo madokotala ankayesa kuotcha njerewerezi ndi radiotherapy, koma adaleka ataona kuti ena mwa odwalawo akudwala khansa pamalo pomwepo patapita zaka.

Ndiyeno pali fodya. Pepani anzanga amene mudaphunzira kusuta kuseri kwa zimbudzi za ku hositelo, sinditchula maina poti a Mphunzitsi Wamkulu ali pano. Fodya payekha amayambitsa khansa ya kholingo, kaya ndi ndudu ya m'paketi kaya chingambwe. Munthu amene ali kale ndi njerewerezi akamasuta ndiye kuti akuthira parafini pamoto. Zina zonse ndatchulazi wodwala sangazisinthe, koma ichi chokha chili m'manja mwake, ndiponso m'manja mwa bambo amene amasutira m'nyumba momwe muli mwana wodwalayo.

Pa ichi ndili ndi maganizo anga. Wodwala amene wapalidwa kakhumi amatopa, ndipo mawu akabwerera pang'ono amaleka kupita ku chipatala. Ine ndikuona kuti kumeneko ndiye kuika moyo pangozi. Zimene zapalidwazo ziyenera kupita ku labotale kuti akazione ngati zayamba kusintha, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa zotsatira zake. Akayamba kutsokomola magazi, kuonda, kumva ululu pomeza, kapena kutuluka chotupa m'khosi, asadikire tsiku limene adamulembera. Nafenso akuluakulu, mawu akasasa kupitirira masabata atatu kapena anayi, tileke za ndimu ndi uchi, tikapemphe kuti atione m'kholingo.

Mankhwala atsopano alipo. Wina wotchedwa bevacizumab wathandiza odwala amene zinawafika m'mapapo, ndipo mu 2025 ku America adavomereza mankhwala oyamba opangidwira nthendayi mwa akuluakulu. Mitengo yake ndi yoti ife sitingaifikire msanga.

Chimene tingachifikire ndi katemera. Wa Gardasil, amene adatuluka mu 2006, amateteza ku mitundu inayi: 6, 11, 16 ndi 18. Dziko la Australia lidayamba kutemera atsikana mu 2007, ndipo pakati pa 2012 ndi 2016 chiwerengero cha ana odwala RRP kumeneko chidatsika kwambiri, chifukwa mayi wotemeredwa alibe kachirombo koti ampatse mwana pobereka. Kuno kwathu katemera wa HPV adayesedwa koyamba ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, ndipo mu 2019 boma lidayamba kumpereka m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Cholinga chachikulu ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la maiko okhudzidwa koposa pa dziko lonse lapansi. Mphekesera zoti katemerayu amatseka mimba mwazimva m'maminibasi ndi pa WhatsApp, ndipo n'zabodza. Inu amene mudapita ku sukulu, abale kumudzi amakumverani. A zaumoyo akabwera pa sukulu ya mwana wanu wamkazi, musamubise kunyumba tsiku limenelo, ndipo ngati adaphonya, kafunseni ku chipatala chapafupi.

A Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndilekere pomwepa kuti titenge mafunso tisanapite ku chakudya.