Makobiri Olakwika ndi Makobiri Oonongeka

M'nyumba zina za ku migodi muli kacitini kamene agogo anasungamo makobiri akale a ku Mangalande, a mutu wa Mfumukazi Victoria kapena wa Mfumu George V. Makobiri amenewa analeka kugula kanthu. Kuno kwaca ndi ngwee zinalowa m'caka ca 1968, ndipo ku Mangalande komweko kobiri lakale lija, la 12 pa sheleni, linatha nchito m'caka ca 1971. Koma masiku ano makobiriwo ali ndi msika wina pa intaneti, kumene ogula amapikisana mitengo monga pa okushoni, ndipo kobiri limene linalakwika popangidwa ndilo limakwera mtengo. Cifukwa ca ici ogulitsa ena amachula kobiri liri lonse lopunduka kuti ndi lolakwika, ndipo wogula wosadziwa amataya ndarama zace pa cinthu cacabe.

Kobiri limapangidwa motere. Kacitsulo kobulungira, kosalemba kanthu, kamaikidwa pakati pa zidindo ziwiri zacitsulo colimba, ndipo makina amamenya ndi mphamvu yaikuru. Cidindo cimodzi cimalemba mutu wa mfumu, cinzace cimalemba Britannia, mkazi uja wokhala pansi ndi cishango. Cilema ceni-ceni cimabadwa pa nthawi imeneyo, kobiri lisanaturuke ku Royal Mint, nyumba yosulira ndarama. Zimene zicitika pambuyo pace, m'matumba, m'dothi, kapena pansi pa nyundo ya munthu wocenjera, ndi kuonongeka cabe, ndipo kumatsitsa mtengo.

Tsono wogula angasiyanitse bwanji? Cidindo cikang'aluka, mkuwa umalowa mumng'alumo, ndipo pa kobiri pamaoneka mzere wotukuka ngati mtsempha wa pa dzanja. Koma mzere wolowa m'kati kawiri-kawiri ndi cipsera ca mpeni kapena msomali. Kacitsulo kakakhala mopendekera pomenyedwa, zolemba zimasendera mbali imodzi pa nkhope zonse ziwiri, ndipo pamatsala danga losalala longa mwezi wongokhala kumene. Nthawi zina kobiri limakakamira ku cidindo, nkudinda linzace lotsatira. Lotsatiralo limaturuka ndi mitu iwiri: wina wabwino, wina wolowa m'kati, malembo ace obwerera monga m'kalirole. Cimeneci ndi cilema coona. Koma kobiri la mitu iwiri yabwino yokha-yokha ndi loyenera kulikayikira, pakuti anthu amapala makobiri awiri nkuwalumikiza, ndipo msoko wace umaoneka pafupi ndi mphepete.

Mboni ina ndiyo sikelo. Kufikira caka ca 1860 kobiri linali la mkuwa wokha, lalikuru ndi lolemera. Lija la 1797, limene Matthew Boulton anasula ku Birmingham, linali lolemera aunsi yathunthu. Kuyambira 1860 mkuwa unasanganizidwa ndi zitsulo zina pang'ono, ndipo kobiri linacepa kufika magalamu 9.4, ndiye kuti makobiri atatu pa aunsi imodzi. Kobiri loyenda m'manja zaka zambiri limapungula pang'ono. Lopepuka kwambiri, la malembo opyapyala ndi osaoneka bwino, mwina linadyedwa ndi asidi.

Palinso zizindikiro zimene si zolakwa konse. Pa makobiri ena a 1912, 1918 ndi 1919 pali kalembo H pafupi ndi caka, ndipo pa ena a 1918 ndi 1919 pali KN. Malembowa angosonyeza kuti nchito inapatsidwa kwa mafakitale a ku Birmingham, a Heaton ndi a King's Norton. Pa makobiri ambiri a George V, mutu wa mfumu umaonekera ngati mthunzi ku mbali ya Britannia. Bvuto limeneli linali pa makobiri ocuruka, kotero kuti mutuwo unakonzedwanso m'caka ca 1926, ndipo mthunzi wotere sukweza mtengo.

Misampha iwiri ndi yodziwika kwambiri. Woyamba ndi kobiri la 1933. M'caka cimeneco makobiri amene anasulidwa sanafike ngakhale 10, ndipo onyenga amasema nambala yomariza ya caka cina, monga 1935, kuti ioneke ngati 3. Galasi lokuza zinthu limaonetsa zipsera mozungulira nambalayo. Waciwiri ndi ndarama ya 2p. Kuyambira 1971 kufikira 1981 inalembedwa NEW PENCE, ndipo kuyambira 1982 TWO PENCE. M'caka ca 1983 zowerengeka zinadindidwa molakwa ndi mau akale aja, ndipo zimenezo ndizo zosowa. Za 1971 zinasulidwa zoposa 1,000 miliyoni, komabe zimaikidwa pa msika ndi mitengo yoopsa. Mtengo umene wogulitsa walemba si mtengo umene munthu analipira.

Cotero wogula wanzeru amayamba wapempha zithunzi zowala za nkhope zonse ziwiri ndi za m'mphepete, nafunsa kulemera kwace, nayerekeza ndi kobiri labwino la caka comweco. Wogulitsa akakana, kapena akamfulumiza kuti nthawi ikutha, ndi bwino kulisiya kobirilo lipite. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.