Madzi Oyenela Nsomba za M'nyanja Yamcele

Nkhani yathu lelo ndi ya madzi, maka-maka madzi amene munthu ayenela kukonza akafuna kuweta nsomba za m'nyanja yamcele m'thanki yagalasi, imene ena amaicha aquarium. Dziko lathu silinacite malile ndi nyanja yamcele, ndipo amene afuna kuiona ayenela kupita ku Dar es Salaam kapena ku Beira. Motelo aliyense woweta nsomba zotele kuno amapanga yekha madzi ake a m'nyanja, ndipo moyo wa nsombazo umadalila pa m'mene wawapangila.

Mukatunga madzi pa pompi ndi kuwayang'ana m'tambula, mumaona ngati mulibe kanthu. Koma taonani m'kati mwa ketulo imene yagwila nchito miyezi ingapo mu Lusaka. Mudzapeza zoyela zitakakamila pansi pake. Imeneyo ndi njeleza yocokela m'miyala ya pansi pa mzindawo, m'mene zitsime zakuya zimatunga madzi. Inasungunuka m'madzi, ndipo diso silinaione. M'madzi a pa pompi mumakhalanso klorini amene amathilidwa kuti aphe tizilombo, nthawi zina mkuwa wocokela m'mapaipi, ndiponso nitrate ndi phosphate zocokela ku feteleza ndi ku zimbudzi. Thupi la munthu limapilila zimenezi zikakhala zocepa. Zamoyo za m'nyanja sizipilila. Mkuwa wocepa kwambili umapha nkhono, nkhanu ndi makorali. Phosphate ndi nitrate zimadyetsa ndele, zimene zimaphimba galasi ndi miyala, ndipo phosphate ikaculuka imalepheletsa makorali kumanga mafupa ao.

Kuwilitsa madzi sikuthandiza pa vutoli, pakuti kumapha tizilombo koma kumasiya zambili zosungunuka m'mene zinalili. Nsalu yosefela nayo imagwila matope cabe. Ndiye cifukwa cace oweta nsomba amagwilitsa nchito sefa yochedwa reverse osmosis, kapena RO mwacidule.

Kuti timvetse sefa imeneyi tiyambile m'khichini. Mai akadula nkhaka kapena tomato ndi kuwaza mcele, posacedwa madzi amayamba kutuluka. Ndi cimodzi-modzi pamene msodzi athila mcele pa nsomba kuti iume. Mbali iliyonse ya camoyo inakutidwa ndi nembanemba yopyapyala imene imalola madzi kudutsa koma imaletsa mcele. Madzi amacoka ku mbali imene kuli mcele wocepa ndi kupita ku mbali imene kuli mcele wambili. Kuyenda kumeneku ndiko kumachedwa osmosis. M'caka ca 1748 Mfalansa wina dzina lace Jean-Antoine Nollet anatseka kukamwa kwa botolo la mowa waukali ndi cikhodzodzo ca nkhumba, naliviika m'madzi. Patapita maola angapo anapeza cikhodzodzo citatukumuka, cifukwa madzi analowa m'botolomo kudzela mwa ico.

Tsono mukakankha ndi mphamvu madzi a ku mbali imene kuli mcele wambili, ulendo uja umatembenuka. Madzi okha-okha amadutsa pa nembanemba, mcele ndi zosungunuka zina ndi kutsalila m'mbuyo. Asayansi anazidziwa zimenezi kale, koma nembanemba zimene anali nazo zinali kudutsitsa madzi ocepa kwambili. Ca m'ma 1960, Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan a pa yunivesite ya California ku Los Angeles anapanga nembanemba yodutsitsa madzi ambili, ndipo mu 1965 tauni ya Coalinga m'dela lomwelo inayamba kumwa madzi osefedwa mwa njila imeneyi. M'zaka za m'ma 1970 John Cadotte anapanga nembanemba ya polyamide, imene ndiyo ili m'masefa ambili a masiku ano.

Pano pali cinthu cimene ambili amasokoneza. Sefa ya woweta nsomba sisefa madzi a m'thanki ai. Ikanatelo ikanacotsa mcele womwe nsomba zikuufuna. Nchito yace ndi kuyeletsa madzi a pa pompi mcele usanathilidwe.

Sefa yotele ili ndi zigawo zinai, ndipo madzi amadutsamo motsatana. Cigawo coyamba cimagwila mcenga, dzimbili ndi matope. Caciwili ndi ca makala okonzedwa mwapadela, amene amayamwa klorini. Cigawo cimeneci musacipeputse, pakuti klorini amaononga nembanemba ya polyamide, ndipo ikaonongeka sikonzeka. Cacitatu ndi nembanemba yeni-yeniyo, imene ikakhala yabwino imacotsa magawo 95 kufikila 99 mwa magawo 100 alionse a zosungunuka. Cacinai ndi timibulu tochedwa DI resin, timene timagwila zocepa zotsalazo.

Nembanemba imafuna mphamvu yokankha madzi. Mphamvu imeneyi imayesedwa ndi muyeso wochedwa bar, ndipo bar imodzi ikulingana ndi kulemela kwa madzi otalika mamita 10. Sefa ya pa nyumba imafuna mabar 3 kapena 4, kapenanso kupitililapo pang'ono. Tsono ngati madzi anu amacokela m'thanki imene ili pa nsanja ya mamita 5, mphamvu yace ndi theka la bar cabe, ndipo sefa idzangodontha pang'ono-pang'ono madzi osayela bwino. Pamenepo muyenela kuika pampu yaing'ono yoonjezela mphamvu. Dziwaninso kuti kuculuka kwa madzi kolembedwa pa sefa kunayesedwa ndi madzi ofunda madigili 25. M'miyezi yozizila ya June ndi July sefa imacedwa, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti yafa.

Nanga mudzadziwa bwanji kuti madzi ayela, popeza diso silingakuuzeni? Pali kacipangizo kamene kamachedwa TDS meter, kamene kamaonetsa kuculuka kwa zosungunuka m'madzi. Yesani malo atatu: pa pompi, potuluka pa nembanemba, ndi potuluka pa cigawo cotsiliza. Tinene kuti pa pompi kakuonetsa 300. Nembanemba yocotsa magawo 98 idzatulutsa madzi oonetsa 6, ndipo cigawo cotsiliza ciyenela kuwatsitsa kufika pa 0. Mukaona kuti 6 uja wakwela kufika pa 30, dziwani kuti nembanemba ikucotsa magawo 90 okha, ndipo yatopa. Mukaona kuti 0 uja wasanduka 1 kapena 2, sinthani timibulu. Zigawo ziwili zoyamba zimasinthidwa pafupi-fupi miyezi 6 iliyonse, kapena msanga ngati madzi a kwanu ali ndi matope. Nembanemba yosamalidwa bwino imatha zaka 2 kapena 3, koma njeleza yambili imaitseka msanga. Sefa ikakhala yatsopano, tayani madzi oyamba monga mwa malangizo a wopanga, ndipo nthawi iliyonse mukaiyatsa itakhala masiku osagwila nchito, tayani a mphindi zoyamba.

Sefa imeneyi ili ndi mtengo wina umene sulipilidwa m'sitolo. Kuti itulutse lita imodzi ya madzi oyela, kawili-kawili imataya malita 3 kapena 4, amene amatsuka nembanemba ndi kunyamula zonse zokanidwa. Mukafuna malita 20, ena 60 kapena 80 adzatuluka pa paipi ina. Kuwaleka apite m'ngalande pamene anansi anu akutunga madzi kutali ndi cinthu cocititsa manyazi. Madzi amenewo si oipa: akhetseleni m'mgomo, ndipo mucapile zovala, mukolopele m'nyumba kapena muthile m'cimbudzi.

Madzi oyela aja asungeni m'cigubu capulasitiki coyenela zakudya, covundikila bwino, osati m'cacitsulo. Ndipo kumbukilani kuti pa okha sangasunge nsomba, pakuti mulibe ciliconse. Apa ndipo pofunika mcele. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja ili ndi magalamu pafupi-fupi 35 a mcele, koma si wonse umene uli wofanana ndi wa m'ndiwo. Muli magnesium, calcium, potassium ndi zina zambili, ndipo makorali amatenga calcium pomanga mafupa ao. Cifukwa cace mcele wa pa msika sungacite. Pafunika wosakanizidwa kale kaamba ka nchitoyi. Thilani mcele m'madzi, osati madzi pa mcele, cifukwa madzi ocepa pa mcele wambili amaumbitsa calcium kukhala fumbi loyela losasungunukanso. Lekani pampu iwatakase usiku wonse, muwafunditse kufika madigili 25, ndipo muwayese ndi kacipangizo kochedwa refractometer, kamene kayenela kuonetsa 1.025 kapena 1.026. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothila madzi ongosakaniza kumene m'thanki amavulaza zamoyo zace yekha.

Tsopano tifike pa colakwa cimene oyamba kumene amacicita kawili-kawili. M'nyengo yotentha ya October madzi a m'thanki amauma msanga. Tinene kuti thanki yanu ili ndi malita 200, ndiye kuti muli mcele wokwana makilogalamu 7. Malita 10 akauluka ngati nthunzi, mcele wonse umatsala, tsopano uli m'malita 190. Mukabwezelamo madzi amcele, mcelewo udzakwela mlungu ndi mlungu. Nsomba ya m'nyanja ili ndi mcele wocepa m'thupi kuposa madzi oizungulila, kotelo imataya madzi nthawi zonse mwa osmosis. Imamwa madzi a m'nyanja ndi kutulutsa mcele kudzela m'ziwalo zopumila za m'mbali mwa mutu. Mcele ukakwela nchito imeneyi imaikulila. Mukabwezelamo madzi a pa pompi, nayonso nthunzi idzacoka yokha, zosungunuka zace ndi kumaunjikana m'thanki mwezi ndi mwezi. Lamulo lace ndi ili: madzi ouma abwezeni ndi madzi a m'sefa opanda mcele. Madzi amcele atsopano ndi olowa m'malo mwa amene mwacotsa inu ndi manja, monga gawo limodzi mwa magawo 10 pa mlungu uliwonse kapena pa milungu iwili.

Potsiliza, ganizilani kumene zamoyo zimenezi zimacokela. Mitundu ingapo, monga clownfish, imabeleketsedwa m'mathanki, koma yambili imagwidwa m'matanthwe a makorali, maka-maka ku Indonesia ndi ku Philippines, ndi kuyenda ulendo wautali m'ndege. Nsomba imene yapulumuka ulendo wonsewo siyenela kufela m'nyumba mwanu kaamba ka madzi a pa pompi. Motelo musanagule nsomba, yambani mwagula sefa ndi toyesela tace, muyese madzi a kwanu, ndipo muwelengele ngati mudzakhoza kusintha zigawo zace caka ndi caka. Mukaona kuti simungathe, nsomba za m'madzi athu opanda mcele nazo n'zokongola, ndipo zimafuna zocepa.