Mpeni womwe sitiulemba mu mpamba

 Kaya kwanu mumati banki mkhonde, chilimba, mukando kapena stokvel, ife tabwera ndi nkhani ya mpeni wa kukhitchini.

Musaseke. Ambiri mwa ife ngongole ya pagulu timailowetsa m'bizinesi ya chakudya: tchipisi, kanyenya, malo odyera pamsika. Powerengera mpamba timalemba mafuta, mbatata ndi makala, koma mpeni sitiulemba. Chonsecho timaugula kangapo pachaka, chifukwa wotchipa uja sachedwa: lero chogwirira chazuka, mawa wapindika podula dzungu. Ndipo mpeni wobuntha ndiwo umatema chala, poti munthu umakanikiza ndi mphamvu, wokha n'kuterereka pa anyezi. Chala chikamangidwa bandeji, bizinesi yaima, pomwe tsiku lobweza ngongole silisuntha.

Simukusowa bokosi la mipeni isanu ndi umodzi. Umodzi waukulu, wa chitsulo chotalika masentimita 20, umakwanira kabichi, tomato, nyama ndi nsomba. Uzikhala wotambalala kufupi ndi chogwirira kuti zala zisagunde thabwa. Ngati chogwirira n'cha mtengo, onani kuti chitsulo chadutsa mpaka kumapeto ndipo chagwidwa ndi timisomali. Ngati n'cha pulasitiki, chigwedezeni wogulitsa akuona. Chikangosuntha pang'ono, usiyeni pompo.

Pa chitsulo timasiyana maganizo. Cha stainless steel sichichita dzimbiri msanga, n'chifukwa chake chimatiyenera ife otanganidwa. Cha carbon steel, chija chimada chikakhalitsa, chimanoleka mosavuta ndi kuthwa kwambiri, koma mukauiwala m'beseni la madzi usiku, mudzaupeza wofiira m'mawa.

Mayina odalirika alipo. Tramontina, kampani ya ku Brazil yomwe inayamba mu 1911, ili ndi mipeni ya mtengo wofikirika. Victorinox ya ku Switzerland, ya mu 1884, ndi yokwererapo, koma ophika m'mahotela ambiri amaikhulupirira. Okapi timaudziwa tonse, koma wopinda uja ngwa m'thumba mwa abambo, si wa kabichi. Dzina lokha lisakunamizeni, achinyengo aliponso. Mtengo ukatsika mododometsa, funsani kawiri.

Mukaugula, duliranipo pa thabwa, osati pa mbale yachitsulo kapena pa simenti. Mafupa a mbuzi asiyireni chikwanje. Unoleni pa mwala wonolera mutaunyowetsa, mbali zonse mofanana, kenako muutsuke, muupukute, muusunge pawokha pomwe ana safika.

Pempho lathu n'lakuti gulu lililonse, lisanagawane ndalama, lifunse omwe akufuna mpeni. Anzathu omwe amakaoda katundu ku Johannesburg kapena ku Lusaka atigulire pamodzi, apemphe kuchotseredwa mtengo, ndipo malisiti abwere kwa msungichuma. Oyenda pandege, muuike m'chikwama chachikulu, chifukwa m'chikwama cha m'manja akakulandani pabwalo la ndege.