Tigule PlayStation kapena laputopu? Mawu anga pa msonkhano wa Loweruka

Sinditalikitsa, ena mukupita kutali panjinga.

Ndalama za tomato wa kudimba kwathu zilipo, ndipo ambiri mwati tigule PlayStation, tiyiike pa Nsaru, anyamata azilipira akamamenya mpira. Maganizowo si oipa ayi. Inenso chilembereni MSCE ndathera ndalama zambiri m'timashedi timeneti, mayi akuyesa ndili ku chigayo. Koma ine ndikupempha kuti tigule laputopu, ngakhale yogwirapo kale ntchito.

Gemu ija timaitchulabe kuti FIFA, eni ake anaisintha dzina mu 2023, pano ndi EA Sports FC. Muli matimu a ku England, a ku Spain, mpaka a ku Saudi Arabia. Alipo anaonamo Bullets? Nanga Silver Strikers? Mulibe. Bwalo lija anamanga ndi ena, ife timangolipira pakhomo.

Ndipo zinthuzi zikuthamanga. Kampani ya Facebook inadzitcha Meta mu 2021 pofuna kumanga dziko la pa intaneti loti munthu uzilowamo. Ali ndi magalasi otchedwa Quest, ovala kumaso. Diso lililonse limaona chithunzi chake chosiyana pang'ono ndi cha linzake, ndiye ubongo umangoti zinthuzo zilidi patsogolo pako. Ukatembenuza mutu, timasensa timamva, chithunzi n'kutembenukanso. Ine ndangoonera pa YouTube, bandulo n'kuthera pompo. Magalasiwo sitingawakwanitse, ife otchajitsa foni pa sola ya eni. Koma kupanga gemu sikulira magalasi.

Ku Cameroon kuli mkulu wina, Olivier Madiba. Iye ndi anzake a Kiro'o Games mumzinda wa Yaoundé anatulutsa gemu yotchedwa Aurion mu 2016, anthu ake ndi zovala zawo zili za kuno ku Africa. Magetsi ankawathimira ngati ifeyo, koma anaimaliza.

Ife tiyambire pa bawo. Taganizani: mizere 4, uliwonse maenje 8, nkhomo 64. Pali lamulo la kudya, la kutakata, la pomwe dzanja lagona. Madala okhala pansi pa mtengo pamsika paja malamulowa ali nawo m'mutu, sanawalembe paliponse. Gemu ya pa kompyuta ndi zomwezo basi, malamulo oti chikachitika ichi pachitike ichi. Pulogalamu ya Scratch ndi yaulere, anapangira ana, umangolumikiza timabokosi ta malamulo, ndipo ukaitsitsa kamodzi imagwira popanda intaneti. Tikazolowera pali ina, Godot, yaulerenso, yomwe imatulutsa gemu yoti n'kuika pa foni ya Android.

Achimwene anafunsa kuti laputopu ibweretsa zingati pa sabata. Ndinene zoona, miyezi yoyamba PlayStation ingaipose. Komabe masana tingamataipire anthu makalata ofunsira ntchito, ipeze yotchajira, madzulo n'kumaphunzira awiriawiri, atsikana ndi anyamata mosinthana. Kushedi kuja atsikana mumalowako? Simulowako.

Mundipatse miyezi 6. Ndikapanda kukuonetsani nkhomo zikuyenda pa sikirini, mudzaigulitse, mugule PlayStation yanu, ine ndizidzasesa mushedimo ulere. A tcheya, tingavote.